Ndalama za misonkho zipite ku mabasi ndi sitima, magalimoto odziyendetsa okha adzilipirire

Akonzi,

Ndikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti ndiikepo mlomo pa mtsutso umene wakula m'maiko ambiri, wokhudza kumene ndalama zotukulira kayendedwe ka anthu m'mizinda ziyenera kupita. Ena akuti zipite ku magalimoto odziyendetsa okha, amene makampani akuluakulu akuwatamanda kuti ndiwo tsogolo la maulendo, pamene ena akuti zipite kokonza mabasi ndi sitima zapamtunda zimene zimanyamula anthu ambiri nthawi imodzi. Ndineneretu kuti ine ndili mbali ya mabasi ndi sitima. Luso lamakono sindidana nalo, ndipo galimoto yoyenda popanda munthu pachiwongolero imandichititsa chidwi monga imachitira wina aliyense, koma vuto lalikulu la mzinda uliwonse ndi kuchepa kwa malo pamsewu, ndipo galimoto imadya malo omwewo kaya mukhale dalaivala kaya mulibe.

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikupita kuntchito pa basi, ndipo mpando wa pawindo wandiphunzitsa zambiri pa nkhaniyi. M'mawa wina basi yathu inaima nji pampanipani wa magalimoto, ndipo pofuna kuiwala kuti ndachedwa ndinayamba kusuzumira m'magalimoto amene anatizungulira. Pafupifupi galimoto iliyonse munali munthu mmodzi yekha, mipando inayo ilibe wokhalapo. M'basi mwathu tinadzazana mpaka pakhomo. Pafupi nane panaima mayi wina atagwira chitsulo ndi dzanja limodzi, linalo atakumbatira mwana wa yunifolomu amene ankasinza chiimirire, ndipo patsogolo pawo namwino wina ankangoyang'ana wotchi yake mphindi iliyonse. Khamu lonselo linali kudikira kuti anthu owerengeka, aliyense m'galimoto yakeyake, asunthe. Ndinadzifunsa kuti tikanatulutsa madalaivala onsewo n'kuikamo makompyuta, kodi mzere uja ukanafupika ndi mita imodzi yomwe? Sukanafupika, pakuti chimene chinachedwetsa namwino uja sichinali kulephera kuyendetsa kwa anthu amenewo. Magalimoto anangochuluka pamsewu umene sungatanuke ngati mphira.

Akatswiri okonza misewu masamu ake amawadziwa bwino. Njira imodzi ya msewu waukulu, wopanda maloboti ndiponso wopanda anthu owoloka wapansi, imadutsitsa magalimoto pafupifupi 2,000 pa ola, ndipo pakati pa mzinda, pamene pali mphambano paliponse, chiwerengerocho chimatsika kwambiri. Popeza magalimoto opita kuntchito amanyamula munthu mmodzi kapena awiri, anthu amene njirayo yawathandiza pa ola lonse ndi ochepa ndithu. Njira yomweyo ikapatulidwa kuti muziyenda mabasi okhaokha imanyamula anthu ochuluka kangapo, ndipo njanji ya sitima zamumzinda imaposa pamenepo kutali. Pamsewu wolowera ku Lincoln Tunnel, umene umadutsa pansi pa mtsinje wa Hudson kuchokera ku New Jersey kupita ku New York, kuyambira mu 1970 njira imodzi imasiyidwira mabasi okha m'mawa uliwonse wa tsiku lantchito, ndipo mliri wa Covid-19 usanafike njira imodzi imeneyi inkalowetsa mumzinda anthu oposa 60,000 m'maola ochepa a m'mawa. Kuti anthu amenewo alowe aliyense pagalimoto yake, pangafunike kukumba misewu ina yambiri pansi pa mtsinjewo, ndi kupezanso malo oimikapo magalimoto onsewo akafika.

Ochirikiza magalimoto odziyendetsa okha amayankha kuti makompyuta adzayendetsa mwadongosolo, magalimoto adzatsatana moyandikana kwambiri, ndipo msewu udzakwana ambiri. Pamsewu wautali wa kunja kwa mzinda mfundoyi ili ndi mutu, koma pakati pa mzinda galimoto iyenera kuima kuti ana asukulu awoloke, iyenera kupatsa mpata wapanjinga, iyeneranso kuima pambali kuti wokwera atsike ndi katundu wake, ndipo zonsezi kompyuta singazifulumizitse. Palinso chinthu china chimene sichitchulidwa kawirikawiri, chimene ndi maulendo opanda munthu. Galimoto ya hayala yodziyendetsa ikatsitsa munthu imayenda yopanda kanthu kukatenga wina, ndipo mwini galimoto amene safuna kulipira malo oimikapo akhoza kuitumiza kunyumba m'mawa kuti idzamutenge madzulo. Maulendo amene anali awiri asanduka anayi, ndipo awiri mwa iwo sananyamule aliyense.

Tikudziwanso kuti ulendo wapagalimoto ukaphweka, anthu amayenda kwambiri. Mu 2011 akatswiri a zachuma awiri, Gilles Duranton ndi Matthew Turner, anaonetsa kuti m'mizinda ya ku United States makilomita amene magalimoto amayenda amakwera pafupifupi mofanana ndi kuchuluka kwa misewu yatsopano imene yamangidwa. Mzinda wa Houston unaona zimenezi ndi maso. Msewu wa Katy Freeway unakulitsidwa mpaka kukhala ndi njira 26 pamalo ena, tikaphatikiza ndi za m'mbali, ntchitoyo inatha mu 2008, koma patangopita zaka zochepa maulendo a m'mawa ndi madzulo anayambanso kutalika. Tsono taganizirani galimoto imene munthu angathe kugonamo, kuwerengamo kapena kugwiriramo ntchito ili paulendo. Munthu wotere sadzaopanso kukhala kutali ndi kuntchito, mizinda idzatambalala, ndipo amene alibe galimoto adzapeza kuti chipatala, sukulu ndi ntchito zatalikira.

Mfundo ina imene imandivutitsa maganizo ndi ya malonjezo. Mu 2004 nthambi ya zofufuzafufuza ya asilikali a ku United States, yotchedwa DARPA, inachititsa mpikisano wa magalimoto opanda dalaivala m'chipululu cha Mojave, ndipo panalibe galimoto imene inamaliza. Yopambana zonse inayenda makilomita osakwana 12. Chaka chotsatira magalimoto asanu anamaliza, ya yunivesite ya Stanford ili patsogolo, ndipo mu 2009 kampani ya Google inayamba ntchito imene pambuyo pake inabala kampani ya magalimoto odziyendetsa okha ya Waymo. Kuyambira pamenepo takhala tikumva kuti magalimoto amenewa ali pakhomo. Mu 2019 Elon Musk wa kampani ya Tesla analonjeza kuti pofika 2020 padzakhala magalimoto a hayala odziyendetsa okwana 1 miliyoni pamsewu, koma chakacho chinadutsa popanda zimenezo. Mu 2018 galimoto yoyeserera ya Uber inagunda ndi kupha mayi amene ankawoloka msewu akukankha njinga usiku ku Tempe, m'chigawo cha Arizona, ndipo mu 2020 Uber inagulitsa nthambi yake yonse ya ntchitoyi. Kampani ya Argo AI, imene Ford ndi Volkswagen anathiramo ndalama zambiri, inatsekedwa mu 2022. Mu Okutobala 2023 galimoto yodziyendetsa ya kampani ya Cruise ku San Francisco inakhwekhwereza mayi pamtunda wa mamita pafupifupi 6, atagundidwa kaye ndi galimoto ina yoyendetsedwa ndi munthu n'kugwera kutsogolo kwake, ndipo boma la California linaimitsa chilolezo cha kampaniyo mwezi womwewo. Mu Disembala 2024 General Motors, mwini wa Cruise, inalengeza kuti yasiya ntchito ya magalimoto a hayala odziyendetsa itamwazapo madola oposa 10 biliyoni.

Ndikhala wopanda chilungamo ndikapanda kunena kuti ena apambana. Waymo lero imanyamula anthu olipira popanda dalaivala ku Phoenix, San Francisco, Los Angeles ndi mizinda ina ingapo, ndipo kampani ya Baidu ikuchita chimodzimodzi ku Wuhan m'dziko la China. Ichi ndi chinthu chachikulu. Komabe magalimotowa amayenda m'madera amene anajambulidwa kale pa mapu mwatsatanetsatane, amadalira makamera ndi zipangizo zodula zoyezera mtunda, ndipo kuseri kuli antchito amene amawathandiza pa intaneti akasokonezeka. Patatha zaka zoposa 20 chichitikire mpikisano wa ku Mojave, anthu amene amanyamulidwa motere pa dziko lonse akadali kadontho poyerekeza ndi amene amakwera sitima ndi mabasi tsiku limodzi mumzinda umodzi ngati Tokyo kapena London.

Tiyerekeze ndi zimene mizinda yosalemera kwenikweni inachita ndi basi wamba. Mu 1974 mzinda wa Curitiba ku Brazil, pansi pa meya Jaime Lerner amene anali katswiri wolemba mapulani a nyumba, unapatula njira zapakati pa misewu yake ikuluikulu kuti muziyenda mabasi okha. Pambuyo pake anamanga masiteji okwera amene munthu amalipirirako basi isanafike, ndipo pansi pa siteji n'pofanana msinkhu ndi pansi pa basi, kotero kuti zitseko zikatseguka anthu amangolowa ngati akulowa m'sitima, wa njinga ya olumala nayenso osavutika. Mulibe chozizwitsa m'zimenezi, koma zimachotsa mphindi zimene basi imataya pa siteji iliyonse kondakitala akusakasaka chenje. Mzinda wa Bogotá ku Colombia unatengera chitsanzochi mu 2000, nthawi ya meya Enrique Peñalosa, ndipo mabasi ake a TransMilenio anafika ponyamula anthu pafupifupi 2 miliyoni pa tsiku. Lagos inatsatira mu 2008, Johannesburg mu 2009 ndi mabasi a Rea Vaya, ndipo Dar es Salaam mu 2016. Sikuti kumeneko zonse zili bwino. Ku Bogotá anthu amadandaula kwambiri za kuthithikana, ndipo ku Dar es Salaam kuchepa kwa mabasi kwakhala kukusowetsa mtendere apaulendo. Koma madandaulo amenewa akutanthauza kuti anthu ofuna kukwera ndi ochuluka kuposa mabasi amene alipo, ndipo mankhwala ake ndi odziwika: kuwonjezera mabasi, kukonza owonongeka msanga ndi kutsegula njira zina. Ndalama ndi zimene zikusowa, nzeru zake zilipo kale.

Anthu amene sakwera basi nthawi zambiri samvetsa chimene wokwera amafuna. Iye safuna mipando yofewa kapena wailesi yakanema m'basimo. Amafuna kuti akafika pa siteji asadikire nthawi yaitali, ndipo akauzidwa kuti basi ifika nthawi yakuti, ifikedi. Basi yobwera pakatha mphindi zisanu zilizonse imam'masula munthu, pakuti safunikanso kuloweza ndandanda ya maulendo kapena kuthamanga ndi mtima uli m'mwamba. Ikam'siya ina, ina ili m'mbuyo. Basi yobwera kamodzi pa ola imam'manga, ndipo tsiku limene wapeza ndalama zogulira galimoto sabwereranso. Wokwera amafunanso siteji ya denga ndi magetsi, njira yabwino yoyendamo wapansi kuchokera kunyumba, malo owolokera msewu osaika moyo pachiswe, ndi basi ya usiku ya mlonda, wophika buledi ndi namwino amene amaweruka anthu ena atagona. Zinthu zimenezi sizikopa makamera a atolankhani monga imachitira galimoto yopanda chiwongolero, n'chifukwa chake andale amazinyalanyaza, koma ndizo zimene zimasintha moyo wa munthu kuyambira sabata yoyamba.

Mfundo yamphamvu kwambiri ya mbali inayo ndi ya ngozi, ndipo iyenera kuyankhidwa mwaulemu. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi zapamsewu chaka chilichonse, ndipo ngozizi ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Kompyuta simwa mowa, siodzera pachiwongolero, ndiponso siyankha foni ili paliwiro, kotero ndikukhulupirira kuti tsiku lina luso limeneli lidzapulumutsa miyoyo yambiri. Koma lipoti lomwelo limanena kuti imfa zoposa 9 mwa 10 zilizonse zimachitika m'maiko osauka ndi achuma chapakatikati, ndipo oposa theka la omwalirawo ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto. Kumene anthu akufa kwambiri ndi kumene magalimoto odula amenewa adzafike pomaliza, chifukwa amafuna misewu yolembedwa bwino, mapu okonzedwa kawirikawiri ndi intaneti yosadukaduka. Pakadali pano pali njira zimene zayesedwa kale. Nyumba ya malamulo ya Sweden inavomereza mu 1997 ndondomeko ya Vision Zero, imene imati misewu imangidwe moganizira kuti munthu amalakwitsa, kuti kulakwitsako kusathere ku imfa. Mu 2019 ku Oslo m'dziko la Norway ndi ku Helsinki m'dziko la Finland sikunafe woyenda pansi ngakhale mmodzi pa ngozi yapamsewu, ndipo mizindayi inafika pamenepo pochepetsa liwiro, pokonza malo owolokera ndi pochepetsa magalimoto pakati pa mzinda kwinaku ikulimbikitsa mabasi ndi sitima.

Nkhani ya okalamba ndi anthu aulumali imandikhudza pafupi. Ndili ndi amalume amene maso awo anafooka mpaka anasiya kuyendetsa, ndipo tsiku limene anapereka makiyi a galimoto kwa mwana wawo anakhala chete madzulo onse. Galimoto yowatenga pakhomo n'kukawasiya pakhomo ikanawabwezera ufulu wawo, ndipo sindingayerekeze kunyoza zimenezo. Koma ndikaona mmene amayendera masiku ano, chimene chimawathandiza kwambiri ndi munthu: dalaivala amene amadikira kuti akhale pansi asananyamuke, ndi wokwera mnzawo amene amawauza kuti siteji yawo yafika. Kwa munthu wa njinga ya olumala, nthawi zambiri pamafunikanso wina womuthandiza kukwera ndi kumangirira njingayo. Ndipo funso la mtengo silithawika, pakuti galimoto yonyamula munthu mmodzi imafuna kuti mmodziyo alipire ulendo wonse, pamene basi imagawa mtengowo pakati pa anthu ambiri.

Chimene ambiri saganizira n'chakuti luso loyenda popanda dalaivala linakhwima kalekale pa njanji. Mzinda wa Kobe ku Japan unatsegula sitima yodziyendetsa yokha mu 1981, Lille ku France mu 1983, Vancouver mu 1985, ndipo ku London sitima za Docklands Light Railway zinayamba mu 1987. Ku Paris njanji ya nambala 14 yakhala ikuyenda popanda dalaivala kuyambira mu 1998, ku Dubai kuyambira mu 2009, ndipo ku Copenhagen sitima zotere, zimene zinayamba mu 2002, zimayenda usana ndi usiku. Pa njanji kompyuta ili ndi ntchito yosavuta, chifukwa palibe mwana wothamangira mpira kapena galu wodutsa mwadzidzidzi, ndipo phindu lake limapita kwa khamu, popeza sitima zimatha kutsatana pafupipafupi ngakhale pakati pa usiku. Amene akufuna kuti boma lithire ndalama m'makina odziyendetsa ali ndi malo abwino oyambirapo pamenepa. Chimodzimodzinso pa nkhani ya utsi. Mzinda wa Shenzhen ku China unali utasintha mabasi ake onse, oposa 16,000, kukhala amagetsi pofika kumapeto kwa 2017, ndipo mpweya wabwino umene unabwerapo amapuma ndi wolemera ndi wosauka yemwe.

Makampani opanga magalimoto odziyendetsa okha sasowa owathandiza. Waymo ili m'manja mwa Alphabet, mwini wa Google, kampani inzake ya Zoox ili m'manja mwa Amazon, ndipo awa ndi ena mwa makampani olemera kwambiri pa dziko lapansi. Ngati akukhulupirira kuti malonda awo adzapindula, aikepo ndalama zawo, ndipo akapindula phindulo likhale lawo. Ntchito ya boma pamenepa ndi kupanga malamulo omveka: ndani alipire chipukuta misozi galimoto yopanda dalaivala ikapweteka munthu, ndi zotani zimene kampani iyenera kuulula ngozi ikachitika, ndiponso msonkho wanji ulipiridwe pa kilomita iliyonse imene galimoto yayenda yopanda munthu pakati pa mzinda. Basi ndi sitima zilibe mwini wolemera wotere. Phindu lawo limaonekera kwa wolemba ntchito amene antchito ake afika pa nthawi, kwa wophunzira amene wafika m'kalasi, ngakhalenso kwa mwini galimoto amene wapeza msewu wopepuka chifukwa anzake ambiri ali m'basi. Phindu lomwazikana chotere palibe kampani imene ingalitolere m'thumba limodzi, n'chifukwa chake ndalama za misonkho ndizo ziyenera kulipirira.

Choopsa chimene ndikuona n'chakuti lonjezo la galimoto yamawa limasanduka chifukwa chosiyira basi ya lero. Zinachitikapo kale. Mu Meyi 2018 anthu a mumzinda wa Nashville, m'chigawo cha Tennessee ku United States, anakana pa voti ndondomeko yaikulu yomanga njanji ndi kuwonjezera mabasi. Zifukwa zinali zambiri, kuphatikizapo kukwera kwa msonkho, koma imodzi mwa mfundo zimene otsutsa ankanena inali yakuti magalimoto odziyendetsa okha ali pafupi, ndipo njanjiyo idzakhala yachikale isanathe n'komwe kumangidwa. Mzindawo unapitiriza kukula, misewu inapitiriza kudzaza, ndipo mu Novembala 2024 anthu omwewo anavomereza ndondomeko ina yowonjezera mabasi, njira za oyenda pansi ndi maloboti amakono. Pakati pa mavoti awiriwo panadutsa zaka zoposa 6, ndipo pa zaka zonsezo munthu wopanda galimoto ankadikirabe pa siteji.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, n'lakuti atolankhani anu akamva mkulu wa boma kapena wa kampani akulonjeza njira yatsopano ya maulendo, azimufunsa kuti njirayo idzanyamula anthu angati pa ola, kuti wokwera adzalipira zingati, kuti idzayamba chaka chiti, ndiponso kuti ndalama zomangira zikuchokera m'thumba la ndani. Azifunsanso kuti mkuluyo anakwera basi komaliza liti pa nthawi yopita kuntchito.

Ine wanu,
Wowerenga wokhulupirika